Namatambula Aphunzira Kulavula

Inu amene mumati moyo wakukanani, khalani pansi muwerenge nkhani iyi mpaka kumapeto. Ndi ya mkazi wamasiye amene khomo lake likuyang'anizana ndi langa. Anamulanda mwana masana dzuwa likuswa mtengo, anthu tonse tikuona.

Tsikulo anatsika basi akudzandira. Mkazi amene chibadwire sanaledzerepo. Bulauzi yoyera ili ndi madontho ofiira pachifuwa, nsapato imodzi ili m'manja, milomo yada bii. Atafika pamasitepe a nyumba yake miyendo inakana, anangokhala pansi pomwepo.

M'nyumbamo munali apongozi ake, amene anabwera kudzatsala ndi mwana. Anatuluka, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anawerama n'kumununkhiza.

"Waledzera."

"Amayi, sindinamwe ayi. Ndimangolawa."

"Umangolawa? Mwana wanganso ankati akungolawa. Lero ali kuti?"

Mwana wawoyo, amene anali mwamuna wa mkaziyu, anali kumanda. Mowa unamudya chiwindi. Anasiya mkazi ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kamene tonse timakatchula kuti Tsabola chifukwa cha pakamwa pake.

Apongozi analowa, anakolowekera zovala za Tsabola m'jumbo, anamugwira pamkono. Mwana akukuwa kuti amayi akudwala, tiyeni tiwapatse madzi, koma gogoyo osatembenuka.

"Wanga anafera m'botolo. Mdzukulu wanga sakulira m'nyumba ya botolo."

Akazi a mumsewu wathu anaima m'makomo manja ali m'chiuno, ngati akuonera kanema. Palibe amene anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Mkazi akangoika mwamuna m'manda, aliyense amasanduka woweruza wake, ngakhale amene nyumba yake ikudontha. Ndikudziwa zimene ndikunena.

Tsono imvani chimene chinachitika, chimene akazi aja sanafune kumva.

Mkaziyu ankatsuka matambula kuhotela yaikulu. N'chifukwa chake anzake anamupatsa dzina loti Namatambula. Tambula iliyonse akaipukuta ankainunkhiza, ndipo ikanunkha sopo kapena nsalu yonyowa ankaibwezera m'madzi. Mkulu woyang'anira vinyo pahotelapo, amene anthu ankawatchula kuti a Mphuno, anaona zimenezi. Iwo anali atakalamba, mphuno yawo itayamba kugontha, ndipo ankafuna munthu womusiyira makiyi. Anayamba kumutenga kuchipinda cha pansi, kozizira, kumene mabotolo amagona chammbali m'mashelefu.

Ankatsegula vinyo wofiira wa munda umodzi, wa mphesa za mtundu umodzi, koma wa zaka zosiyana.

"Awa ndi ana a mimba imodzi," anatero a Mphuno. "Koma wina anabadwa chaka cha njala, wina chaka cha mwanaalirenji. Ntchito yako ndi kuwazindikira osaona chikalata cha pabotolo."

Anamuphunzitsa kupendeketsa tambula pamwamba pa nsalu yoyera. Vinyo wamng'ono amafiira mpaka kuda. Wokalamba amatuwa m'mbali ngati njerwa yootcha. Anamuphunzitsa kuzunguza tambula n'kulowetsamo mphuno. Wamng'ono amanunkhira zipatso zongothyola kumene. Wokalamba amanunkhira zipatso zouma, chikopa, ndi dothi limene mvula yoyamba yangogwerapo. M'kamwa, wamng'ono amagwira nkhama ngati nthochi yosapsa, pamene wokalamba amafewa. Wa chaka cha mvula yambiri amakhala wopyapyala ngati tiyi wochulutsa madzi, ndipo amatha msanga palilime. Wa chaka cha dzuwa amanenepa, amafunditsa m'kamwa monse.

Lamulo lalikulu linali limodzi.

"Wolawa sameza. Umagubuduza m'kamwa, umamva zimene akukuuza, umalavula. Lilime loledzera ndi labodza. Ukameza matambula atatu, wachinayi aliyense amakoma."

Namatambula ankalavula ndithu. Koma ankayamba watembenuka, n'kupita kuseri kwa chitseko kumene kunali sinki. A Mphuno ankangoti ndi kakhalidwe kake. Sanadziwe kuti mkaziyu analeredwa ndi azakhali a dzanja lopepuka, amene anamuwomba mbama ali kamwana chifukwa cholavula njere ya lalanje alendo ali pakhomo. Kuyambira pamenepo, kulavula pamaso pa munthu wamkulu kunali ngati kuvula.

Ndiye linafika tsiku la mayeso a olawa vinyo. Tebulo lalitali, nsalu yoyera, matambula ali pamzere. Kutsogolo kunakhala oyesa atatu, onse aimvi. Pambali pa munthu aliyense panali kachidebe kachitsulo kolavuliramo, poyera, patebulo pomwepo. Chitseko chobisalako panalibe.

Anzake ankalavula mosaopa. Iye anaika vinyo woyamba m'kamwa, anakweza maso, anaona imvi zija zikumuyang'ana. Anameza. Wachiwiri anameza. Wachitatu anameza. M'mimba munalibe kanthu, poti mantha anamuletsa kudya m'mawa. Pofika kumapeto kwa mzere, vinyo yense ankakoma mofanana ndipo tebulo linkayenda. Analephera mayeso, anataya vinyo pabulauzi, anakwera basi.

Ndi umenewo uchidakwa wake wonse. Ulemu. Anamulanda mwana chifukwa cha ulemu.

M'mawa mwake anapita kwa apongozi kukagwada. Anapeza mlamu wake, mkulu wa malemu, atakhala pampando miyendo atapiringiza.

"Alamu, nkhani ndi yaifupi," anatero bamboyo. "Siyani ntchito ya kuhotela, tione ngati mwasintha."

"Ndikasiya ndimudyetsa chiyani mwanayo?"

"Ngati simungamudyetse, ndiye akhale konkuno."

Mwauona msampha wake? Ukagwira ntchito ndiwe chidakwa. Ukasiya ndiwe wosowa. Anthu amene amatchera misampha yotere amagona tulo tabwino, ndipo Lamlungu amaimba mokweza kuposa aliyense.

Anabwerera kuhotela maso atatupa. A Mphuno atamva nkhani yonse anamenya tebulo mpaka matambula analira.

"Unameza? Mzere wonse uja?"

"Ndinachita manyazi, bambo."

"Manyazi anapha lambe! Ine ndakhala ndikuphunzitsa mphuno, osadziwa kuti vuto lili pamilomo. Tenga madzi awa. Lavula apa. Pamaso panga."

Anaika madzi m'kamwa, anawayang'ana a Mphuno, anameza.

"Bwereza."

Anamezanso. Kachitatu madzi anatuluka, koma anatsikira kuchibwano mpaka m'khosi, ngati khanda limene likumera mano.

Musaseke. Kapena sekani, poti nawonso ophika a kukhitchini anaseka. A Mphuno anamuimika pakati pa khitchini m'mawa uliwonse alendo asanadzuke, kachidebe kali patebulo, ophika onse akuonerera. Akangomuona akulowa, wophika wamkulu ankakuwa kuti, "Vundikirani mapoto, mvula ija yabweranso!" Wina ankatenga mbale n'kudziphimba nayo kumutu. Namatambula ankalira, n'kupukuta misozi, n'kudzazanso tambula.

Anayamba ndi madzi. Kenako tiyi wozizira, kuti dontho lililonse lophonya lioneke pansalu. Kenako vinyo. Anaphunzira kusonkhanitsa milomo ngati woimba mluzu, kuweramira pang'ono, n'kutulutsa kamzere kamodzi koonda kosamwazika. Atatha pamaso pa ophika, a Mphuno anamutengera kwa mlonda wokalamba wa pageti. Atatha pamenepo, anaitana bwana wa hotela yense, atavala tayi, kuti aime kutsogolo kwake. Tsiku limenelo anameza kaye kamodzi, ndiye n'kulavula.

Lamlungu lililonse ankapita kukaona Tsabola. Apongozi ankamuimitsa pakhomo.

"Puma apa."

Ankapuma.

"Tulutsa lilime."

Ankatulutsa. Tsono vinyo wofiira, ngakhale ulavule, amadetsa lilime ndi mano. Choncho Loweruka sankalawa kanthu, ankangonunkhiza, kuti Lamlungu lilime likhale loyera. Mkazi wamkulu, wobereka, kutulutsa lilime pakhomo pa eni ngati mbuzi ya pamsika!

Chimene chinamubaya koposa si chimenecho ayi. Lamlungu lina akumupesa tsitsi, Tsabola anafunsa osatembenuka.

"Amayi, agogo akuti inunso mumamwa ngati adadi. Ndiye inunso mufa?"

Chipeso chinagwa pansi. Asanayankhe, mlamu uja analowa ndi nkhani ina. Anati sukulu ikangotsekera amutenga Tsabola kupita naye kwawo, kutali, ulendo wa tsiku lonse pabasi. Akakhala ndi ana ake kumeneko, ndipo akayamba sukulu komweko.

Namatambula anadziwa kuti mwana akakwera basi imeneyo, basi kwatha. Mayeso achiwiri anali oti achitike sukulu isanatsekere, sabata yomweyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anagwada pamaso pa apongozi.

"Amayi, musamve za anthu, musamvenso za ine. Bwerani mudzaone nokha ntchito imene ndimagwira. Mukaona kuti ndamwa, mwanayo apite, sindidzatsegulanso pakamwa."

Gogoyo anavomera.

"Ndibwera. Ndikufuna ndidzakuone ndi maso angawa ukudzandira, kuti mawa usadzati tinakunamizira."

A Mphuno atamva anagwira mutu. "Iwe, oyesa atatu sanakukwane? Ukuwonjezerapo apongozi?" Komabe anakawapempha oyesawo, ndipo analola kuti mlendo mmodzi akhale kumbuyo, chete.

Tsiku la mayeso gogoyo anafika atavala zakutchalitchi, chikwama chili m'khwapa. Anamuonetsa mpando wa kumbuyo. Iye anaugwira, anaukoka, miyendo yake ikulira pansi, mpaka anaufikitsa patebulo, moyang'anizana ndi mpongozi wake. Pakati pawo panali kachidebe kokha. Woyesa wina anatsegula pakamwa kuti aletse, koma ataona nkhope ya gogoyo anatsekanso.

Matambula anali asanu. Wamkulu wa oyesa, mayi waimvi wovala magalasi, anafotokoza.

"Vinyo yenseyu ndi wa munda umodzi, zaka ndi zosiyana. Muwaike pamzere kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Mutiuze kuti chaka chilichonse chinali chotani, woti atsegulidwe lero ndi uti, woti adikire ndi uti. Ngati pali wowonongeka, munene."

Namatambula ananyamula tambula yoyamba. Anapendeketsa pansalu. Wakuda, m'mbali mosatuwa. Ananunkhiza. Anaika m'kamwa.

Pamenepo anakweza maso, n'kukumana ndi maso a apongozi.

Abale, oyesa aimvi ndi alendo, mawa sudzawaonanso. Bwana wa hotela ndi bwana chabe. Koma awa anali amayi a mwamuna wake, amene chikwatiwire sanawapatsepo kanthu ndi dzanja limodzi, sanadutsepo kutsogolo kwawo osawerama. Kuti alavule, malovu ake amayenera kugwera pafupi ndi chikwama chawo.

Vinyo anakhala m'kamwa. Anayamba kufunda. Pakhosi panayamba kudzikoka pokha, monga pamachitira munthu akafuna kumeza. Anzake a m'mbali anali kale pa tambula yachiwiri. A Mphuno anaima pachitseko thukuta lili kamukamu, milomo yawo ikusonkhana yokha ngati olavula ndi iwo. Mayi wa magalasi anayang'ana wotchi. Gogoyo sanaphethire.

Namatambula anakoka kachidebe, anawerama, analavula. Kamzere kamodzi, kowongoka, kanalira m'chitsulo.

"Iwe!" Gogoyo anadzuka theka. "Pamaso panga?"

"Mayi, chonde, tili pamayeso," anatero woyesa.

Namatambula anapukuta milomo ndi kansalu. Mawu ake anatuluka aang'ono, koma anamveka.

"Pepani, Amayi. Ndilavulanso."

Ndipo analavuladi. Tambula yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu, ena kuwabwereza kawiri katatu. Gogoyo anakhala pansi, anakumbatira chikwama, maso ake akutsatira vinyo kuchokera m'tambula, kupita m'kamwa, kugwera m'chidebe. Ankayang'ananso pakhosi pa mpongozi wake ngati pagwedezeka.

Itakwana nthawi yoyankha, Namatambula anasuntha matambula.

"Uyu ndiye wamng'ono. Akugwira nkhama, zipatso zake ndi zaziwisi. Musamutsegule, agone kaye zaka zingapo. Uyu ndi wa chaka cha mvula, ndi wopyapyala, sachedwa palilime. Amwedwe msanga, sadzakula kuposa apa. Uyu akununkha katoni yonyowa. Chitsekero chake chinamuwononga, asapite kwa mlendo."

Anatsala awiri. Onse otuwa m'mbali, onse ofewa, onse onunkhira chikopa ndi zipatso zouma. Anawanunkhiza, anawalawanso, anawasinthanitsa malo, anawabwezera. Mphuno inali itatopa. Mayi wa magalasi anagogoda cholembera patebulo.

"Uyu ndi wa chaka cha dzuwa, ndi wonenepa, ali pachimake, atsegulidwe lero. Wamkulu pa onse ndi uyu winayu."

Oyesa anayandikizana mitu n'kumanong'onezana. M'chipindamo munangomveka chikwama cha gogo chikulira chifukwa chochifinya.

"Awiri omalizawo mwawasemphanitsa," anatero mayi wa magalasi. "Wa chaka cha dzuwayo ndiye wamkulu, kunenepa kwake kwakupusitsani." Anavula magalasi n'kuwapukuta, osafulumira. "Zina zonse mwalondola, ndipo wowonongekayo anthu ambiri amuphonya lero. Mwakhoza."

A Mphuno anakhala pansi pomwe anaimapo. Koma Namatambula sanamwetulire, chifukwa woyesa weniweni anali asanalankhule.

"Imirira," anatero apongozi. "Yenda mpaka pazenera apo, ubwerere."

Anayenda, molunjika, anabwerera.

"Puma apa."

Anapuma. Gogoyo anakwinya mphuno.

"Fungo lilipo."

Fungo likanalephera bwanji kukhalapo, vinyo atazungulira m'kamwa m'mawa wonse?

Gogoyo anatambasula dzanja, anagwira kachidebe kaja, kamene munthu waulemu sangakakhudze n'komwe. Anakanyamula, anamva kulemera kwake. Anasuzumiramo. Anayang'ana matambula, anayang'ananso m'chidebe, ngati mayi amene akuona ngati mwana wabweza zonse zimene anatumidwa.

"Zonsezi zinali m'kamwa mwako?"

"Inde, Amayi."

"N'kuzibweza?"

"Inde."

"Ndiye kuti sizikoma."

"Zimakoma, Amayi. Wa chaka cha dzuwa uja amakoma zedi."

"Nanga unatha bwanji?"

"Ndili ndi mwana."

Gogoyo anaika kachidebe pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhoma, osati kwa munthu.

"Wanga uja akanadziwa kulavula," anatero, n'kulekera pomwepo.

Gogoyo anafufuza kansalu m'chikwama, anamina, anaimirira, anakonza mpango wake.

"Tsabola amakana kusamba, amakana kupesa, amayankha akulu. Ine mkono watopa. Ubwere madzulo udzatenge munthu wako."

Mlamu uja atamva anayesa kukweza mawu, akuti matikiti wagula kale. Mayi ake anamuuza kuti akwere yekha, akhale pamipando yonse iwiri.

Madzulo amenewo Tsabola anabwera ali pamsana pa mayi ake, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo, mtsikana wamkulu ndithu, akulongolola njira yonse. Akazi a mumsewu wathu anaimanso m'makomo, ulendo uno akuti, "Tinkadziwa ife, mayi uyu ndi wolimba." Ankadziwa chiyani? Mabodza.

Lero a Mphuno anapuma ntchito, makiyi a chipinda cha pansi ali m'chiuno mwa Namatambula. Ndiye amene amanena botolo loti litsegulidwe ndi loti ligone. Amaphonyabe nthawi zina, ndipo akaphonya amanena yekha. Akamaphunzitsa atsikana atsopano, tsiku loyamba sawapatsa vinyo. Amawapatsa madzi, n'kuitana bwana kuti aime kutsogolo kwawo.

Mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pa apongozi aja mpaka lero, ngakhalenso pakamwa pa mlamu uja. Namatambula akuti anakhululuka. Ine sindinakhululuke, ndipo mlamuyo ndikakumana naye pamsewu moni wake sindiyankha.

Tsono ndikulankhula ndi inu amene mwakhala mukumeza. Mukumeza mawu achipongwe, mukumeza mabodza amene akukunenerani, mukumeza chifukwa wolankhulayo ndi wamkulu, ndipo munaphunzitsidwa kuti mwana wabwino satsegula pakamwa. Onani kumene kumeza kunamufikitsa mnzanuyu. Akulu alemekezeni, agwadireni, muwauze pepani ngati pafunika. Koma chimene chikukuphani musachimeze chifukwa choopa maso a munthu. Mukalephera lero, mawa dzazaninso tambula, ngakhale akuseke a kukhitchini onse. Zotaya zilipo zambiri pamoyo uno, ndipo muzitaye poyera. Mtima wokhawo, ndakupemphani, musautaye.